Mutu 12: Lusaka, Mudzi Umene Unaphunzitsa Mafuko

Dziko la Zambia, monga adziwa mwana aliyense amene anakhalapo pansi m'kalasi nayang'ana mapu opachikidwa pakhoma, lilibe gombe la nyanja yamchere, koma lazingidwa mbali zonse ndi maiko 8, ndiwo Congo, Tanzania, Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Botswana, Namibia ndi Angola. Ndipo chifukwa cha ichi palibe thumba la feteleza lochokera kutsidya kwa nyanja, palibe mgolo wa petulo, ngakhale mtolo wa kopa wopita kukagulitsidwa kunja, umene ungafike kumene ulinga usanaponde pabwalo la eni ake. Makolo athu anaziona zimenezi ndi maso awo pamene Ian Smith anaukira ulamuliro wa Britain ku Rhodesia pa 11 Novembala 1965, pakuti njira ya kumwera imene tinali kudalira inadzala minga, mafuta nasowa kufikira kuti ena anali kubwera pa ndege. Ndipo kuti dziko lipume, anayala paipi ya TAZAMA kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inatha mu 1968, ndipo pambuyo pake anthu a ku China, a ku Tanzania ndi a ku Zambia anakhetsera thukuta pamodzi pa njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, kuyambira 1970 kufikira 1975. Kwa ife, tsono, kumvana ndi maiko ena ndi nkhani ya chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo ntchito yake isowa antchito ophunzira m'mbadwo uliwonse.

Mutu uno ndaulembera makamaka mnyamata kapena namwali wa ku Libala, ngakhalenso anzake a ku Kabwata, ku Chilenje ndi ku Chelstone, amene mtima wake ulakalaka ntchito yotere, koma akafatsa usiku afunsa mumtima mwake kuti, "Kodi ine, mwana wa mphunzitsi wopuma pa ntchito, wopanda malume ku unduna, ndiyambire pati?" Ambiri a iwo yankho amalifuna pa foni, maso ali ku London, ku Beijing ndi ku Washington, ndipo sindiwadzudzula, pakuti kumenekonso kuli makomo amene tidzawatchula. Koma akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndipo ine ndinena kuti wofuna kuphunzira za mgwirizano wa maiko, ali wokhala m'Lusaka, ayambe wayenda ndi mapazi ake msewu wa Chilimbulu, umene aupyola m'minibasi m'mawa uliwonse osaulabadira.

Pa msewu umenewo, cha ku Kamwala, panali Liberation Centre, nyumba imene boma la Kenneth Kaunda linapatsa magulu omenyera ufulu a ku South Africa, Rhodesia, Namibia, Angola ndi Mozambique kuti akhale ndi maofesi awo. Kupitirira pang'ono Libala kuli nyumba ya nambala 394 ku Chilenje, m'mene Kaunda yemweyo anakhala kuyambira 1960 kufikira 1962 akutsogolera chipani cha UNIP, ndipo lero ili yotsegukira aliyense wofuna kuona. Ku Chilenje South ndiko kumene Herbert Chitepo, mtsogoleri wa ZANU, limodzi la magulu omenyera ufulu a ku Rhodesia, anaphedwa ndi bomba lotcheredwa m'galimoto yake pa 18 Malichi 1975, m'mawa, anthu oyandikana naye ali kukonzekera kupita ku ntchito. Ku Chelstone kuli nyumba imene Oliver Tambo anakhalamo ali kutsogolera ANC kunja kwa dziko lake, ndipo mu 2017 atsogoleri a Zambia ndi South Africa anaitsegula kuti ikhale chikumbutso. Alendo amenewa sanabwere opanda mtengo wake. Ndege za nkhondo za ku Rhodesia zinaponya mabomba pa Chikumbi, kumpoto kwa mzinda, mu Okutobala 1978, ndipo m'masiku omwewo Alick Nkhata, woimba ndi woulutsa mawu pa wailesi amene nyimbo zake za Chinyanja agogo athu azikumbukabe, anaphedwa pafupi ndi munda wake ku Mkushi pamene asilikali a Smith anathira nkhondo msasa wa ZIPRA, gulu lina lomenyera ufulu la ku Rhodesia. Ndi chinthu chondigwira mtima kuti msewu umene lero uli ndi dzina lake, ku Longacres, ndiwo umene pali maofesi a United Nations.

Misonkhano ikuluikulu imene inachitikira m'mudzi muno ndingoitchula mwachidule, popeza mabuku a mbiri aifotokoza mokwanira. Nyumba ya Mulungushi inamangidwa mofulumira, mothandizidwa ndi amisiri a ku Yugoslavia, kuti ilandire msonkhano wachitatu wa maiko osakondera mbali mu Seputembala 1970; mu Ogasiti 1979 atsogoleri a Commonwealth anakumana kuno natsegula njira ya ku Lancaster House, kumene ufulu wa Zimbabwe unakambidwa; pa 1 Epulo 1980 maiko 9 anakhazikitsa SADCC, kholo la SADC ya lero; mu 1994 boma la Angola ndi UNITA, gulu limene linali kumenyana nalo, anasainirana pangano kuno, ndipo mu 1999 anachita chimodzimodzi omenyana a nkhondo ya ku Congo. Maina a misewu yathu nawonso ndi mboni: Ben Bella, Lumumba, Dedan Kimathi, Nasser, Tito, Haile Selassie. Wophunzira amene angatenge maina amenewa limodzilimodzi, nafufuza kuti munthuyo anali yani, anachokera kuti, ndipo anachitanji kuti Zambia imlemekeze chotero, adzakhala ataphunzira gawo lalikulu la mbiri ya zaka za m'ma 1900 asanalipire ngwee ku koleji iliyonse.

Koma chimene ndifuna tichedwepo ndi sukulu ina imene ana a lero ochepa anaimvapo, ndiyo United Nations Institute for Namibia. Pa nthawi imene dziko la Namibia linali m'dzanja la South Africa, ana ake akuda anali kupatsidwa maphunziro opereweza dala, oti awakonzere ntchito za m'migodi ndi m'mafamu basi. Ndipo anthu oona patali anazindikira kuti tsiku la ufulu likadzafika, mbendera idzakwera ndithu, koma sipadzakhala woweruza milandu, wosunga kaundula wa malo, wolemba bajeti kapena woyendetsa unduna. Chifukwa chake United Nations inatsegula sukuluyi m'Lusaka pa 26 Ogasiti 1976, mkulu wake ali Hage Geingob, ndipo anyamata ndi asungwana othawa kwawo, ena ochokera m'misasa ya othawa nkhondo, anakhala pansi naphunzira malamulo, chuma, ulimi, kayendetsedwe ka boma ndi ulembi, napitanso kukazolowera ntchito m'maofesi a maboma a mu Africa amene anawalandira. Namibia italandira ufulu mu 1990, sukuluyo inatsekedwa, ntchito yake itatha. Geingob anakhala nduna yaikulu yoyamba ya dziko lake, ndipo mu 2015 anakhala pulezidenti, udindo umene anamwalira ali nawo mu 2024.

Taonani tsono chimene sukuluyi itiphunzitsa. Mfuti zinali ndi gawo lake, misonkhano ya atsogoleri inali ndi gawo lake, koma mphatso yokhalitsa imene maiko anapatsa Namibia inali makalaliki odziwa ntchito yawo. Ndipo aphunzitsi amene anachoka kwawo kudzaphunzitsa ana a eni kalembedwe ka kalata ya boma ndi kawerengedwe ka msonkho anali kugwira ntchito ya mgwirizano wa maiko mofanana ndi kazembe aliyense woima pa nsanja ku New York. Ndikanakonda kuti wachinyamata aliyense wolota za ntchitoyi aike ichi mumtima mwake, chifukwa ambiri aiona ngati ulendo wa pa ndege ndi kujambulitsa pamaso pa mbendera, pamene mbali yake yaikulu ndi kuwerenga zikalata zazitali, kumvetsera moleza munthu amene simugwirizana naye, ndi kulemba chiganizo chimodzi chimene mbali ziwiri zokangana zingathe kuchivomereza.

Zambia nayo inayamba ulendo wake ili yosauka anthu ophunzira, pakuti pa ufulu mu 1964 dziko lonse linali ndi ana ake a digiri pafupifupi 100 okha, ndipo chifukwa cha kusowaku akatundu olemera anasenzetsedwa anthu aang'ono misinkhu. Vernon Mwaanga anatumidwa ku Moscow kukakhala kazembe ali ndi zaka 21, ndipo mu 1968 anapita kukaimira dziko ku United Nations. Rupiah Banda, amene anaphunzira ku Lund m'dziko la Sweden pa thandizo la bungwe la ophunzira a maiko osiyanasiyana, anakhala kazembe ku Egypt asanafike zaka 30. Gwendoline Konie anaimira Zambia ku Sweden ndi ku United Nations pa nthawi imene akazi a udindo wotere anali owerengeka pa dziko lonse. Ndipo mu 1984 Paul Lusaka anakhala pa mpando wotsogolera msonkhano waukulu wa United Nations. Masiku amenewo anapita, ndipo mwana wa lero asayembekezere kuitanidwa ku State House ali ndi zaka 21. Makomo tsopano ndi ambiri kuposa kale, koma pa khomo lililonse pali khamu, ndipo wolowa ndiye amene anakonzekera.

Khomo loyamba lili pa msewu wa Great East, ndilo University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966 anthu wamba atasonkha zimene anali nazo kuti imangidwe. Kumeneko kuli maphunziro a ndale, a chitukuko, a chuma, a malamulo ndi a zilankhulo. Ku unduna woona za maiko akunja kuli Zambia Institute of Diplomacy and International Studies, imene iphunzitsa mwambo wa ukazembe, kalandiridwe ka alendo a boma ndi kakambidwe ka mapangano. Sukulu ya NIPA iphunzitsa kayendetsedwe ka ntchito za boma. Ndipo ku Kitwe, pa Copperbelt University, kuli sukulu ya maphunziro a mtendere yotchedwa ndi dzina la Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations amene anafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Ndola mu Seputembala 1961 ali pa ulendo wokayanjanitsa omenyana ku Congo. Komabe ndichenjeze makolo ndi ana omwe kuti asaganize kuti njira ndi maphunziro a ndale okha. Magetsi akazima ku Libala, monga anazimira kwa maola ochuluka m'chilala cha 2024, gwero lake lili pa Kariba, pamene madzi agawidwa pakati pa Zambia ndi Zimbabwe ndi bungwe la Zambezi River Authority, la maiko awiriwo, limene likulu lake lili m'Lusaka muno. Ndipo ogwira ntchito kumeneko ndi mainjiniya ndi akatswiri oyeza madzi. Dziko litalephera kubweza ngongole zake mu Novembala 2020, amene anakhala pa gome kufikira pangano la mu Juni 2023, lokhudza madola 6.3 biliyoni, pamaso pa komiti yotsogozedwa ndi China ndi France, anali odziwa chuma ndi malamulo. Chileshe Kapwepwe, mkazi woyamba kukhala mlembi wamkulu wa COMESA, amene analowa udindowo mu 2018, ntchito yake yoyamba ndi yowerengera ndalama. Florence Mumba anakaweruza milandu ya nkhondo ya ku Yugoslavia ku The Hague chifukwa anali woweruza wodziwa ntchito kwawo kuno. Namwino, mlimi wophunzira, wodziwa za kompyuta, onsewa ali ndi malo awo.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene chindivuta mtima koposa zonse, ndicho kunyozera kwathu zilankhulo. Tili ndi anansi awiri olankhula Chipwitikizi, Angola ndi Mozambique. Tili ndi mnansi wamkulu kumpoto wolankhula Chifalansa. Tili ndi Tanzania, kwawo kwa Chiswahili, chimene SADC inachilandira kukhala chilankhulo chake cha ntchito mu 2019. Koma ana athu ambiri atsiriza giredi 12 ali ndi Chingerezi chokha cha kusukulu, nayesa kuti dziko lonse lidzawamva. Maofesi a United Nations agwira ntchito m'Chingerezi ndi Chifalansa, ndipo pa anthu awiri a digiri yofanana, wodziwa zonse ziwirizo ndiye atsogola. Likulu la COMESA, bungwe la maiko 21 limene lili pa msewu wa Ben Bella pakati pa tauni, lilandira tsiku ndi tsiku makalata ochokera ku Burundi, ku Djibouti, ku Madagascar ndi ku Egypt, ndipo wina ayenera kuwawerenga ndi kuwayankha. Pomwe pophunzirira palipo: Alliance Française ili pa msewu wa Alick Nkhata womwewo, Confucius Institute yophunzitsa Chitchaina ili pa University of Zambia kuyambira 2010, ndipo maphunziro aulere a zilankhulo adzaza intaneti kwa iye amene angathe kugula mabandulo.

Amene alibe ndalama ya kalasi apite ku msika wa COMESA tsiku Loweruka, akaime pafupi ndi amayi ogulitsa zitenje, natchere khutu. Adzaona mayi wa ku Congo atatambasula nsalu pa mkono, akutchula mtengo m'Chifalansa kwa mnzake wa kwawo, natembenukira kwa wa ku Nakonde ndi kumuyankha m'Chiswahili, ndipo wogula wa ku Kabwata akanena kuti, "Amayi, chotsaniko pang'ono, ndine kasitomala wanu," iye amseka namuyankha m'Chinyanja cha m'tauni chosalala bwino, dzanja lina likuwerenga makwacha, mutu ukusintha madola. Mayi ameneyu sanapite ku sukulu ya ukazembe, koma adziwa za msonkho wa pachipata, za mapepala a malonda ang'onoang'ono amene COMESA inafewetsa, ndi za kusinthasintha kwa ndalama, kuposa ophunzira ambiri a chaka chachitatu; ndipo mwana waulemu amene angampatse moni woyenera, namthandiza kunyamula mtolo, adzapeza mphunzitsi.

Tisaiwalenso kuti chilankhulo chathu chomwechi ndi cha maiko angapo, pakuti chimveka ku Chipata ndi ku Lilongwe, ku Tete ndi ku Niassa, ndipo malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anachiika pakati pa zilankhulo 16 za boma. Chaka ndi chaka, kumapeto kwa Ogasiti, mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mu 2007 apulezidenti a maiko atatuwo, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pa bwalo limodzi pa mwambowo. Gule Wamkulu analembedwa ndi UNESCO mu 2005 monga chuma cha maiko atatu pamodzi. Mwana amene achita manyazi ndi chilankhulo cha amake ataya chida chimene mabungwe a zaumoyo, a zaulimi ndi a othawa nkhondo achifuna pa malire onsewa.

Za thandizo la maphunziro a kunja, limene ambiri alitcha sikolashipu, ndinene motere. Boma lili ndi bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2016 m'malo mwa komiti yakale ya mabasale, limene lipereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite a boma, nililengezanso malo operekedwa ndi maiko abwenzi monga Russia, China, Algeria ndi Morocco. Ndipo wopita ku maiko otere kawirikawiri ayamba ndi kuphunzira chilankhulo cha kumeneko, chimene pachokha ndi phindu losatha. Kwa iwo amene ali kale ndi digiri yoyamba kuli Chevening ya boma la Britain, yoyamba mu 1983, imene ifuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri ndi kuti akatsiriza abwerere kwawo. Kuli ya Commonwealth, yochokera mu 1959. Kuli Fulbright ya ku America, DAAD ya ku Germany, ndi ya boma la Japan. Kulinso ziwiri zochokera ku chuma cha atsamunda: ya Beit Trust, imene ithandiza ana a Zambia, Zimbabwe ndi Malawi okha, ndi ya Rhodes, yopititsa ku Oxford. Ena afunsa ngati nkoyenera kulandira ndalama za anthu amene analanda maiko athu. Ine ndiyankha kuti chumacho chinakumbidwa m'nthaka ya kuno kumwera kwa Africa ndi manja a makolo athu, ndipo mwana wathu achilandire mutu uli chilili, monga anachitira Lucy Sichone, mkazi woyamba wa ku Zambia kupata sikolashipu ya Rhodes, amene anabwerako nakhala loya ndi mlembi wopanda mantha woteteza anthu wamba kufikira imfa yake mu 1998, ndipo chithunzi chake chinapachikidwa ku Rhodes House.

Koma pakati pa chilengezo ndi ndege pali chigwa cha mapepala, ndipo ambiri agwera m'menemo, osati chifukwa cha kuchepa nzeru, koma chifukwa panalibe wowauza. Talingalirani namwali amene waona chilengezo kutatsala sabata imodzi. Satifiketi yake ya giredi 12 ifunika kujambulidwa ndi kudindidwa ndi wovomerezeka; reji ali nayo, koma pasipoti alibe, ndipo pasipoti siituluka tsiku limodzi; afunika makalata awiri a umboni, koma mphunzitsi amene amdziwa bwino anasamutsidwira ku boma lina; afunika kulemba nkhani yofotokoza chifukwa chake asankhidwe iye, ndipo ailemba pa foni ya galasi losweka, batire ili pafupi kutha, magetsi atazima, amake ali pakhomo akufunsa kuti, "Mwanawe, kodi sugona?" Zonsezi zikanatheka bwino zikanayamba miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo. Chifukwa chake ndilangiza kuti wophunzira akhale ndi chikwama chimodzi cha mapepala ake onse odindidwa kale, atenge pasipoti asanaifune, asunge ubwenzi ndi aphunzitsi ake, ndipo nkhani yake aipereke kwa munthu wamkulu kuti aiwerenge asanaitumize. Safunsa anadya phula. Ndipo polemba nkhaniyo aleke mawu okometsera otapa pa intaneti, amene osankhawo awawerenga kambirimbiri kufikira kutopa nawo. Anene chimene anachita ndi manja ake, ngakhale chikhale chaching'ono monga kuphunzitsa ana a m'dera lake masamu pa tchalitchi kapena kuthandiza pa kliniki m'nyengo ya kolera.

Sindingabise kuti mpikisanowu suyamba pa mzere umodzi. Mwana wa sukulu yolipira ya ku Kabulonga kapena ku Woodlands ali ndi kompyuta kunyumba, mphunzitsi womulangiza za mayunivesite a kunja, ndi kalabu imene ophunzira ayeseza msonkhano wa United Nations, aliyense naimira dziko limene wapatsidwa. Mnzake wa sukulu ya boma, makamaka chiyambire maphunziro aulere mu 2022 pamene makalasi anasefukira, alimbirana desiki. Kusiyana kumeneku ndi chinthu choipa, ndipo tisachizolowere. Koma nzeru sizisankha mpanda wa nyumba: Thandiwe Chama, amene analandira mphotho ya International Children's Peace Prize mu 2007 ali ndi zaka 16, anakulira m'komboni ya Lusaka, ndipo chimene chinamveketsa dzina lake ndicho kukana kukhala pakhomo pamene sukulu yake inatsekedwa, natsogolera ana anzake kukafuna ina.

Pali chenjezo limene ndiyenera kulinena mosapsatira. Alipo anthu amene adzitcha maejenti, nalonjeza malo a sukulu ndi ntchito kunja ngati munthu alipira ndalama yakutiyakuti pa foni. Sikolashipu yoona siigulidwa, ndipo chilengezo chilichonse chitsimikizidwe ku ofesi ya kazembe wa dzikolo kapena ku bungwe la boma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale wopita mwa njira yolongosoka asaiwale kuti kwa eni malamulo ndi a eni, ndipo cholakwa chimene kuno chikanatha ndi kupepesa, kumeneko chingathe kumeza moyo wonse. Mu 2022 dziko lonse linalira mnyamata wathu amene anapita ku Moscow pa thandizo la boma kukaphunzira uinjiniya wa nyukiliya, nagwa m'milandu, naponyedwa m'ndende, ndipo pomaliza anafera ku nkhondo ya ku Ukraine, imene sinali yake. Wofika m'dziko lachilendo akadzilembetse ku ofesi ya kazembe wa Zambia, adziwane ndi bungwe la ophunzira anzake, ndipo asanyamulire munthu katundu amene sadziwa za m'kati mwake.

Njira ina, imene ambiri aipeputsa chifukwa ilibe malipiro okoma, ndiyo ntchito yodzipereka. African Union ili ndi gulu la achinyamata odzipereka, lokhazikitsidwa mu 2010, limene litumiza omaliza maphunziro kukagwira ntchito miyezi 12 m'dziko lina la mu Africa. United Nations nayo ili ndi odzipereka ake, ena a iwo ogwira ntchito m'dziko lawo lomwe. Ndipo Mandela Washington Fellowship, yoyamba mu 2014, yakhala ikutenga a zaka 25 kufikira 35 amene aonetsa kale utsogoleri kwawo. Onsewa afunsa funso limodzi, lakuti, "Wachitapo chiyani?" ndipo poyankhira pali pafupi. Zambia yasunga othawa nkhondo kuyambira pamene Mayukwayukwa inatsegulidwa mu 1966 ndi Meheba mu 1971, ndipo m'Lusaka momwe muno muli mabanja a ku Congo, ku Burundi, ku Rwanda ndi ku Somalia amene ana awo afuna wowathandiza Chingerezi, pamene iwo angabwezere Chifalansa kapena Chiswahili. Red Cross ifuna manja. Mipingo ili ndi magulu a chilungamo ndi mtendere.

Kwa aphunzitsi a ku Libala Secondary ndi a sukulu zina za boma ndili ndi pempho, ndipo ndilipereka mwaulemu, podziwa kuchuluka kwa katundu amene asenza kale. Kalabu yoyeseza msonkhano wa maiko siifuna ndalama zambiri: chipinda chimodzi masana a Lachisanu, mapepala olembapo maina a maiko, nkhani imodzi yoona monga kagawidwe ka madzi a Zambezi kapena mtengo wa chimanga chodutsa pa Mwami, ndi mphunzitsi mmodzi wosunga nthawi, kuti mwana amene wapatsidwa Zimbabwe aphunzire kuiteteza ndi mtima wonse ngakhale iye ali Mzambia. Kamodzi pa temu ana amenewa atengedwe kukaona nyumba ya 394, nyumba ya Tambo, ndi National Archives ku Ridgeway, kumene makalata a masiku aja asungidwa. Ndipo kwa akuluakulu a pa msewu wa Ben Bella ndi a pa msewu wa Alick Nkhata pempho langa ndi lakuti, pamene aitana ophunzira kudzaona ntchito yawo kapena kudzazolowera ntchito m'maofesi mwawo, makalata oitanirawo afikenso kwa ahedi a sukulu za boma za ku Libala, ku Kabwata ndi ku Chilenje, ndi kuti wozolowera ntchitoyo azipatsidwa ngakhale ndalama ya minibasi ndi ya chakudya cha masana, pakuti ntchito yopanda malipiro konse angaithe ndi mwana yekhayo amene atate ake ali ndi galimoto yomtula pachipata.